Mafoni Onse Anali Kwathu

Linali Lachisanu, nthawi itangopitirira 12 koloko masana, amuna onse atapita kumzikiti ku mapemphero a Juma, pamene amayi anandiitana kuchipinda ndi mawu amene ndinali ndisanawamvepo chibadwire. Ndinali ndi zaka khumi. Ndikukumbukira kuti ndinali pakhonde ndikusadzula nkhwani, mvula ikuwaza pang'onopang'ono monga inkachitira sabata yonse imeneyo. Nditalowa ndinawapeza atagwada pansi, mutu atautsamiritsa pabedi, chitenje chawo chitanyowa ndi magazi. Anali oyembekezera, mwezi wachisanu ndi chitatu.

"Patuma, tenga foni uwaimbire Che Yusufu. Uwauze abwere pompano."

Che Yusufu anali bambo wa njinga yamoto wa pa Nselema, amene ankanyamula odwala a m'dera lathu. Nambala yawo inali m'foni ya amayi. Ndinathamangira pabalaza, ndinatola foniyo pamphasa, ndinadina. Sinayake. Ndinadinanso mwamphamvu mpaka chala kuwawa. Sinayake.

Kuti mumvetse chifukwa chake, ndiyenera kuyamba ndi firiji.

Mudzi wathu uli pakati pa Nselema ndi nyanja ya Chiuta, ndipo nthawi imeneyo magetsi kunalibe. Ababa ankagwira ntchito ku Joni, yosamalira maluwa pakhomo pa anthu. Ulendo woyamba kubwera kumudzi anabwera ndi sola yoika padenga, batire lalikulu, ndi kabokosi kotchedwa inveta, kamene kamatenga mphamvu ya m'batire n'kuipereka ku zinthu zamagetsi. Kuyambira pamenepo nyumba yathu inasanduka potchajira mafoni a anthu onse oyandikana nafe. M'mawa uliwonse anthu ankati "odi" asanapite kumunda, n'kusiya foni. Mafoniwo ankandandalika pamphasa ngati matemba oyanika pathandala. Madzulo eni ake ankadzatenga, wina kusiya nkhaka, wina kansomba, ambiri kungoti zikomo. Amayi ankakondwa nazo chifukwa pakhomo sipankasowa wocheza naye.

Ulendo wachiwiri ababa anabwera ndi firiji. Inali yaing'ono, yofika m'chiuno mwa munthu wamkulu, yoyera koma yokalika pachitseko. Anayenda nayo pa basi kuchokera ku Joni, kenako pa minibasi kuchokera pa Liwonde, ndipo pakhomo inafika pangolo itakulungidwa m'bulangete ngati wodwala. Anthu anadzaza pabwalo. Ababa anaiimika pafupi ndi zenera kuti aliyense wodutsa aziiona, pamalo pomwe dzuwa lamasana linkaomba. Itangolumikizidwa inayamba kung'ung'udza, ana tonse tinathawira panja.

"Bwererani, simaluma," anatero ababa akuseka. "Ku Joni ngakhale galu amamwa madzi ozizira. Inu ndinu ochepa kwa galu?"

Ababa anali munthu wopatsa, ndipo sindikufuna kuti wina awaganizire zoipa. Anavutika m'dziko la eni, akugona anthu ambiri m'chipinda chimodzi, ndipo firijiyo inali umboni woti sanapite pachabe. Sakanatha kumwa madzi ozizira okha anzawo akuona. Anauza aliyense kuti abweretse botolo lake. Posakhalitsa firiji inadzaza ndi mabotolo a anthu, lililonse ndi chizindikiro cha mwini wake. La Abiti Jana, mnzawo wa amayi wa nyumba yoyandikana nafe, linali lomangidwa kansanza kofiira pakhosi. Lina linali ndi ulusi wa ukonde, lina lotsekera ndi chitsononkho chifukwa chivindikiro chinatayika.

Chitsekocho sichinkapuma. Wina abwere kudzaika botolo, wina kudzaona ngati lake lazizira, wina kungobwera ndi mlendo wochokera ku Mozambique kuti aone. Ababa ankatsegula n'kuchisiya chotsegula uku akufotokoza, mlendoyo atalowetsa dzanja n'kumati, "Ee, zoonadi, ngati m'June." Anafe tinkalowetsa nkhope. Panalibe amene ankaganiza kuti kuzizirako kumachokera penapake, ndiponso kuti kukatuluka firiji imayambiranso kukufunafuna m'batire. Tinkaona ngati kuzizira kumakhala momwemo, monga mdima umakhalira m'nkhokwe.

Amayi okha ndi amene anayamba kudandaula, osati chifukwa ankadziwa zamagetsi, koma chifukwa anthu ankadandaulira iwo. Foni imene kale inkadzaza pofika masana tsopano inkabwerera kwa mwini wake ili ndi moto wochepa. Madzulo inveta inkayamba kulira, tii, tii, tii, kusonyeza kuti batire latsala pang'ono kutha.

"Bambo a Patuma, chinthu chanuchi chimadya kuposa tonsefe m'nyumba muno," anatero tsiku lina.

"Mkazi wachiwiri amadya bwino kumene," anayankha ababa. "Nsanje basi?"

Amayi anaseka, nkhani inathera pomwepo.

Kenako kunabwera mvumbi. Kuyambira Lolemba dzuwa silinaoneke. Nkhuku zinkangoima pakhonde zitafutukuka nthenga, zovala zosauma, nkhuni zofuka utsi wokhawokha. Sola ikapanda dzuwa imapereka mphamvu yochepa kwambiri. Anthu ankabweretsa mafoni n'kuwasiya, akabwera madzulo amayi n'kuwauza kuti sanadzaze, ayesenso mawa. Ambiri anangowasiya kwathu, poti foni yozima ilibe ntchito kunyumba.

Sabata yomweyo ababa anali ataitana amuna anzawo kuti Lachisanu akaweruka ku Juma adzamwe thobwa kwathu. Ankatsanzika, poti anali pafupi kubwerera ku Joni. Ndipo anali atalonjeza pamaso pa anthu kuti thobwalo lidzakhala lozizira, loti mano achite dzanzi. Lachinayi amayi ndi Abiti Jana anaphika thobwa lambiri. Madzulo analithira m'zigubu ziwiri lidakali lofunda, moti ndikanyamula chigubu ndinkamva kutentha pamimba. Ababa anachotsa mashelefu ena, anakankhira mabotolo a anthu m'mbali, analowetsa zigubuzo. Kenako anayang'ana kabokosi kaja, anaona kuti kakulira, n'kuzula mafoni onse pachingwe.

"Bwanji osalisiya panja ligone?" anafunsa amayi. "Kunjaku n'kozizira kale. Pofika mawa likhala bwinobwino."

"Ndiye ndikawauze anthu kuti thobwa laziziritsidwa ndi khonde? Firiji ntchito yake n'chiyani?"

"Nanga mafoniwa?"

"Mafoni Loweruka. Ndani akufuna kuimbira ndani mvula imeneyi?"

Amayi anagwira msana wawo ndi manja awiri n'kupita kukagona. Beseni latsopano, zitenje ndi kachipewa ka mwana zinali kale pakona, poti ankayembekezera kupita kuchidikiro cha kuchipatala mwezi wotsatira. Panalibe amene ankaganiza za Lachisanu limenelo.

Firiji inalimbana ndi thobwa lofundalo usiku wonse osapuma. M'mawa inveta inalira kwa nthawi yaitali, kenako inangoti zii. Ababa anagwira zigubu, anati zayamba kuzizira ndithu, atsegulanso akabwera. Anavala mkanjo wawo woyera, anaukwinyira m'mwamba kuopa matope, anakwera njinga.

Ndiye ndinali pamenepo, foni ya amayi ili m'manja, yosayaka. Ndinatola ya ababa, yosayaka. Ndinatola ina, ndi ina, yamabatani, yosweka galasi, yomanga ndi mphira. Ndinazula chingwe cha firiji n'kulumikiza foni, koma kabokosiko kanangoti tii kamodzi n'kuzima. Amayi anabuula kuchipinda.

Ndinatuluka mvula ikundimenya. Ndinayamba kwa Abiti Jana.

"Odi! Amayi akudwala, ndibwerekeni foni!"

"Foni yanga ili kwanu, mwanawe. Akudwala chiyani?"

Nditawauza za magazi anataya chipande chimene anali nacho n'kuthamangira kwathu osavala nsapato. Ine ndinapitirira. Nyumba yachiwiri, mayi wa kumeneko anati, "Si ili kwanu kuyambira Lachiwiri?" Nyumba yachitatu chimodzimodzi. Nyumba yachinayi anatuluka agogo ena osamva bwino, ndipo nditafuula kuti foni, analoza ndi ndodo kumene ndinkachokera. Mpaka lero ndikalota maloto oipa sindilota mfiti kapena njoka. Ndimalota ndikugogoda pazitseko, aliyense akundiyankha mwaulemu kuti ili kwanu, ili kwanu.

Nditabwerera ndinapeza Abiti Jana atawagoneka amayi chammbali, atawapachika miyendo pamtsamiro. Azimayi ena awiri anali atafika. Abiti Jana anandigwira mapewa.

"Thamangira kumzikiti ukawaitane bambo ako. Usaime panjira. Ukawapeza akuswali, usadikire."

Mzikiti wa Juma unali kutali, kuseri kwa dambo. Njira inali yoterera, ndipo padambo madzi anandifika m'mawondo. Ndinagwa kangapo. Mpango wanga unagwera m'matope, sindinautole. Ndili m'njira ndinkangoganiza chinthu chimodzi: ndikafika ndikanena bwanji? Ine ndinali mwana woti mlendo akandifunsa dzina ndinkabisala kumbuyo kwa amayi. Kusukulu aphunzitsi ankayesa ndine wachibwibwi.

Ndinafika amuna ataima m'mizere, swala itayamba. Nsapato zinali mbwee pakhomo, zodzaza madzi. Mtsikana salowa mbali ya amuna, ndiponso munthu sasokoneza swala. Ndinaona msana wa ababa pamzere wachiwiri, mkanjo wawo uli ndi madontho a matope. Ndinatsegula pakamwa, mawu osatuluka. Kenako anatuluka okha, aakulu moti ndinadzidzimuka nawo ndekha.

"Ababa! Amayi akufa!"

Ababa anatembenuka. Sindidzaiwala nkhope yawo. Anadutsa pakati pa anthu, anatuluka osavala nsapato, anandifunsa ngati Che Yusufu afika. Ndinati sitinaimbe. Anati chifukwa chiyani. Ndinati mafoni. Sanafunsenso. Anangoima mvula ikuwagwera kumaso. Bambo wina wogulitsa nsomba, wochokera mudzi wina, anatuluka n'kupereka foni yake, ndipo pakati pa anthuwo panapezeka wodziwa nambala ya Che Yusufu pamtima.

Ababa ananditengera pakaliyala. Tinafika kunyumba njinga yamoto isanafike, poti msewu unali woipa. Itafika anawakweza amayi pakati, Abiti Jana kumbuyo atawakumbatira, ulendo wa kuchipatala. Mutu wa amayi unkangogwera uku ndi uku. Ababa anatsatira panjinga yawo yopalasa, mkanjo uja utasanduka wofiirira.

Amuna oitanidwa aja anabwerabe, osati kudzamwa, koma kudzamva. Anakhala pakhonde. Palibe amene anatchula za thobwa. Mmodzi ndi mmodzi ananyamuka.

Dzuwa litatsala pang'ono kulowa Abiti Jana anabwera ndi Che Yusufu, atafukata kanthu kokulunga m'chitenje chimodzi mwa zatsopano zija. Sanalowe nako m'nyumba. Azimayi akuluakulu anakalandira, anapita nako kuseri, ndipo mdima usanagwe anali atabwerako. Panalibe kulira maliro, poti mwana wotero salilidwa mokweza. Ine sanandiuze kanthu. Ndinangomva Abiti Jana akunong'oneza mnzawo kuti anali mwamuna, ndiponso kuti amayi awatumiza ndi ambulansi ku chipatala chachikulu cha ku Liwonde chifukwa magazi sakusiya.

"Akhala bwino?" ndinafunsa.

"Insha Allah," anatero, osandiyang'ana. Ananditengera kwawo kukagona.

Palibe dokotala kapena namwino amene anatiuzapo kuti foni ikanayaka mwanayo akanakhala moyo. Mwina akanapitabe. Abiti Jana ankati chilichonse chili ndi tsiku lake, ndipo ine sinditsutsa. Koma ndinayenda ndekha mtunda wa pakati pa nyumba yathu ndi mzikiti, ndipo ndikudziwa kutalika kwake. Mchimwene wangayo sanapatsidwe dzina. Nthawi zina ndikaona mnyamata wa msinkhu umene akanakhala nawo lero, akukankha njinga pamsika, ndimamuyang'ana mpaka iye kudabwa.

Ababa anabwerera ku Joni patapita miyezi, osatsanzika ndi thobwa. Za firijiyo sanazitchulenso. Anamwalira ndili kale pabanja, ndipo m'zaka zonsezo sindinawaonepo akumwa chinthu chozizira. Munthu akawapatsa botolo lochokera m'firiji ankaliika pansi pafupi ndi phazi, n'kumacheza mpaka lifunde. Anthu ankati akuopa mano.

Lero ndimakhala ku Balaka ndi amuna anga ndi mwana wathu wamkazi amene wangoyamba kuyenda. M'nyumba ya lendi muli magetsi ogula mayunitsi, ndipo tili ndi kafiriji kathu chifukwa ndimagulitsa thobwa ndi madzi ozizira kwa anthu a kabaza. Balaka ndi kotentha, ndipo sindinganene kuti madzi ozizira ndi oipa. Munthu wopalasa njinga tsiku lonse akamwa, maso ake amatseguka. Koma thobwa langa sililowa m'firiji lisanagone m'beseni la madzi mpaka litapola. Ndimatulutsa mabotolo a tsiku lonse kamodzi m'mawa, n'kuwaika m'ndowa yokutira ndi thumba lonyowa, kuti ndisamatsegule chitseko kasitomala aliyense akabwera. Firijiyo ili pakona yamthunzi, kutali ndi mbaula. Nyengo yozizira ikafika ndimaizimitsa, poti madzi a mumtsuko amakwana. Amuna anga amanditcha apolisi a firiji. Akafuna kutsegula amayamba aima patsogolo pake n'kunena kuti, "Bwana, ndaganiza kale chimene ndikufuna, ndiloleni." Ndimaseka, koma amadziwa kuti mayunitsi akayamba kuchepa, choyamba kuzima ndi firiji, osati foni. Pamene ndinali woyembekezera sindinkagona foni isanadzaze, ndipo ndinkadzuka kuigwira ngati mmene ena amagwirira mwana kuona ngati akupuma.

Sukulu ndinalekera panjira, ndipo zamagetsi sindizidziwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti kuzizira sikubwera kokha. Kumachokera m'nkhokwe imodzi yomweyo imene nyale ndi foni zimadyamo, ndipo nkhokweyo ili ndi pansi pake. Kwathu palibe amene anachita chinthu chachikulu choipa. Wina anangotsegula chitseko kuti mlendo aone, wina anangoika botolo limodzi, wina anangofuna kusunga lonjezo kwa anzake. Zonsezo zinali zazing'ono, zochitika ndi mtima wabwino, ndipo n'chifukwa chake zimandiopsa mpaka pano.

Loweruka lotsatira Lachisanu lija, m'mawa, ndinadzuka kwa Abiti Jana iwo asanadzuke. Kunja kunali kutayera, mitambo yonse itachoka, dzuwa likutuluka lowala ngati silinalakwe kanthu. Ndinapita kwathu. M'nyumba munkanunkha chinyezi ndi thobwa loyamba kusasa. Ndinatsegula firiji, ndinatulutsa zigubu ziwiri zija n'kuziika panja. Ndinatulutsa mabotolo onse n'kuwandandalika pakhonde kuti eni ake adzatenge okha. Chingwe cha firiji ndinachikulunga n'kuchiponya kuseri kwake. Kenako ndinakhala pansi patsogolo pa kabokosi kaja, foni ya amayi ili pamiyendo, n'kumadikira dzuwa likwere padenga.

Ndinayesa koyamba, kanalira n'kuzima. Ndinadikiranso. Mthunzi wa mtengo wa mango utachoka pakhonde ndinayesanso, kanyale kobiriwira kanayaka n'kukhalabe choyaka. Ndinalumikiza foni ya amayi yokha. Patapita nthawi galasi lake linawala. Sindinadziwe woti ndimuimbire, poti foni ya ababa inali pamphasa pomwepo pambali panga. Ndinangoigwira ndi manja awiri.

Inalira yokha. Anali ababa, atabwereka foni kwa munthu wina wodikirira wodwala. Nambala ya amayi ankaidziwa pamtima chifukwa ndi imene ankaimbira ali ku Joni. Anati akhala akuyesa kuyambira mbandakucha. Mawu awo anali osasa.

"Patuma, ndiwe? Dikira."

Ndinamva phokoso la anthu, mwana wina akulira patali, nsapato zikugunda pansi. Kenako kupuma kwa munthu, kofooka, pafupi kwambiri ndi khutu langa.

"Patuma," anatero amayi. "Wadya?"

Ndinagwedeza mutu, kuiwala kuti sakundiona. Anafunsanso. Ndinati eya, ngakhale ndinali ndisanadye. Anati ndikatsekulire nkhuku. Foni inaduka.

Ndinakatsekulira nkhukuzo. Nditabwerako ndinazula foni ya amayi, ndinaiika m'thumba la diresi langa, n'kulumikiza ya Abiti Jana.